Mwana wosalira wa bambo wometa tsitsi

Panali munthu wina wometa tsitsi amene anzake ankamutcha Zonsendikudziwa, chifukwa nkhani iliyonse ikayambika m'babashopu mwake, kaya ya mpira kaya ya matenda, womaliza kulankhula anali iye. Amene anandiuza nkhaniyi akuti inachitikadi.

Mkazi wake atabereka mwana wawo woyamba, wamkazi, bamboyo anasangalala mpaka tsiku limenelo anameta anthu ulere. Powatulutsa m'chipatala, namwino anawalangiza kuti: "Mukaona mwana sakuyamwa bwino, akungogona, kapena maso asintha mtundu, musadikire. Mubwere naye." Bamboyo anangogwedeza mutu, maso ali pafoni, akutumizira abale zithunzi.

Patapita masiku ochepa, mwana anasiya kulira. Akamuika kubere ankangoyamwa pang'ono n'kugonanso. Khungu lake linayamba kuyera mwachilendo.

"Bambo a mwana, ine mtima wanga suli m'malo," anatero mkazi uja. "Mabere adzaza mpaka akundipweteka, koma mwanayu sakuyamwa."

"Inu mayi a mwana, anzanu akulira kuti makanda sawapumitsa, inu mukudandaula kuti wathu ndi wofatsa? Watengera ine ameneyu. Ndipo taonani kuyera kwake!"

Tsiku lomwelo kubabashopu kunabwera kasitomala wachilendo, wovala suti. Makina ali pamutu, wometa uja anayamba kudzitama za mwana wake wosalira, n'kutchulanso kuti mkazi wake akuti maso a mwanayo ayamba chikasu.

"Zazing'ono zimenezo, achimwene," anatero mlendoyo. "Ine ndalera ana ambiri. Mum'mwetse madzi a shuga ndi supuni, m'mawa mumuike padzuwa. Mukapita naye kuchipatala akangokubayirani mwana pachabe."

Wometa uja sanamufunse munthuyo ngakhale ntchito yake. Suti ija inamukwanira.

M'mawa mwake anauza mkazi wake kuti akhale pakhonde ndi mwana, iye atagwira kapu ndi supuni. Nthawi yomweyo anatulukira mayi wa nyumba yoyandikana nayo, telala. Mayiyu sankalankhulana ndi banjali, chifukwa wometa uja anamuchotserapo nsalu za makasitomala pachingwe kuti ayanikepo matewera, ndipo panatuluka mawu oipa. Koma ataona mwanayo anaima.

"Tandionetsani khandalo."

"Aneba, za m'nyumba mwathu zisiyeni," anatero bamboyo.

Telala uja anachita ngati sanamve. Anagwada, n'kutsegula diso la mwana ndi chala. Kenako anavundukula sholo, n'kuyang'ana zikhatho ndi mapazi.

"Mayo ine! Chikasu ichi, chafika mpaka kumapazi. Nanga m'kapumo muli chiyani?"

"Madzi a shuga. Anandiuza munthu wodziwa."

Mayiyo analanda kapu ija n'kukhuthulira pansi. "Mudzanditukwana bwino tikabwerako." Kenako anatembenukira kwa mayi a mwana. "Mwana wanga, dzuka, tenga matewera. Ine ndikukaimitsa takisi."

Mkazi wa wometa uja anayang'ana mwamuna wake, n'kuyang'ana mwana. Anaimirira. "Ine ndikupita. Inu tsalani ndi supuni yanuyo."

Bamboyo anaima kanthawi pakhonde, kenako anathamangira takisi ija atavala masilipasi.

Kuchipatala namwino atangoona mwanayo sanawalole kuima pamzere. Anamutenga magazi, n'kumugoneka pansi pa nyali yowala mwabuluu, atamuphimba maso. Anapatsanso mayi ake kakapu koti azifinyiramo mkaka. Dokotala anauza bamboyo mosabisa kuti: "Chikasu cha makanda chimachizika mosavuta chikaoneka msanga. Koma ichi chinakwera kwambiri. Mukanachedwa nacho chikanaononga ubongo. Ndipo khanda lotere silimwa madzi, chakudya chake ndi bere basi."

Bamboyo anakakhala pabenchi pafupi ndi telala uja, n'kufunsa ndi mawu apansi: "Mayi, munadziwa bwanji?"

"Mwana wanga woyamba anali chonchi. Anthu anandiuza kuti zitha zokha, ine n'kumvera. Moyo anapulumuka, koma makutu anatsekeka. Lero ndi mayi wa ana awiri, koma sanamvepo mawu anga chibadwire."

Zonsendikudziwa anabisa nkhope m'manja, mapewa akugwedezeka.

Masiku onse amene mwana anali m'chipatala, telala uja ankatseka makina ake masana, n'kubweretsa chakudya ndi zovala zochapa. Pang'ono ndi pang'ono chikasu chinatsika, mwana anayamba kuyamwa mwamphamvu, ndipo atamuyeza anapeza kuti makutu ali bwinobwino.

Atabwerera kunyumba, bamboyo anapita kwa aneba aja, n'kuwapeza akudula nsalu. Anagwada pakhomo.

"Mayi, ndinakulakwirani, koma inu mwandipulumutsira mwana. Ndikuthokozeni ndi chiyani?"

"Dzukani bambo, mwagwadira pa nsalu ya eni ake," anatero mayiyo akuseka. "Ngati mukufunadi kundithokoza, pitani mukalandire mwana, mkazi wanu asambe ndi kupumako. Akayamwa mumuike paphewa, muzimusisita kumsana mpaka ageye. Mumadziwa zimenezo?"

"Sindidziwa, mayi."

"Ndiye tiyeni ndikakuonetseni."

Anaika sizasi patebulo n'kutsogola, bamboyo akutsatira pambuyo.

Phunziro: Khanda silinena pamene pakupweteka, ndiye likangogona osayamwa, kapena maso ndi khungu zikachita chikasu, musafunse kwa odutsa m'njira, thamangirani kuchipatala. Abambo, mayi wa mwana akati mtima suli m'malo, mumvereni. Ndipo munthu wokuchenjezani muzimuthokoza, ngakhale akhale amene munayambana naye dzulo. Tumizani nkhaniyi kwa aliyense amene ali ndi khanda kapena akuyembekezera, mwina lero mupulumutsa mwana wa wina.