Msonkho wa Gologolo, Msana wa Nkhono

Padangokhala Ng'azi, mwini msika wa kudambo. Tsiku lina analengeza kuti aliyense wogulitsa ndiwo azipereka mulu umodzi ngati msonkho.

Nkhono atamva anaseka mpaka tinyanga kugwedera. "Aone zakuda Gologolo. Wanenepera ife ameneyu."

Gologolo, wogulitsa bonongwe, sanakhazikike. Anazungulirazungulira mchira uli m'mwamba, kenako anachepetsa milu yake, basela n'kuchotseratu.

Njiwa atafika anayang'ana kamulu kaja. "Achimwene, kameneka ndi ndiwo kapena mankhwala? Ine mapiko ndili nawo, ndikagula kutsidya."

Gologolo anamugwira phiko, n'kumuwonjezera masamba msangamsanga. Gwape nayenso analoza miyendo yake yaitali, n'kuwonjezeredwa. Zonsezo Gologolo ankatapa pa mulu wotsala.

Nkhono ananyamuka kwawo m'mamawa, koma anafika dzuwa lili paliwombo. Anapeza timasamba tofota.

"Basela ali kuti, Achimwene?"

"Adya a Ng'azi."

"Komatu msonkhowu ndi wa inu ogulitsa, si wanga."

"Zoona, Mayi. Ngati zakuipirani, kutsidya kulinso msika."

Nkhono anasuzumira tsidya lija. Mwa kayendedwe kake, akanabwerako ana atafa kale ndi njala. Anacheuka kufuna wina woti amukankhire mtolo wa msonkhowo, koma kumbuyo kwake kunali kanjira konyowa komwe anadzera basi.

Anagula, n'kusenza. Mpaka lero mukamuona akukwawa ndi chikatundu kumsana, musamufunse kuti wagula chiyani. Ndiwo zinathera panjira. Chimene wasenzacho ndi msonkho umene ankausekerera uja.