Dengu Limodzi la Mtedza

Padangokhala, inu muziti tili tonse. Nyama zinkasewera mpira m'chilimwe, ndipo timu yopambana inkayamba kumwa pachitsime chaka chonse. M'dzinja mpira ukaima, timu iliyonse inkalandira dengu limodzi la mtedza lolembera osewera, osawonjezerapo.

Nyani, mwini timu ya kuphiri, anasenza dengu lonse n'kukatula kwa Njovu.

"Achimwene, inu mukaima pagolo, mpira udzera pati?"

Njovu anakhuthulira mtedza wonse m'kamwa n'kuvomera. Malo otsalawo Nyani anangoikamo azilamu ake aulesi.

Nkhanga, mwini timu ya kudambo, analera anapiye ambiri, ndiye kugawa ankakudziwa. Gwape anam'patsa chikho chimodzi, Gologolo chimodzi, Njiri zikho ziwiri chifukwa cha mimba yake, wotsalawo n'kumanga pakansalu.

"Mayi, mukulemba timu kapena mukugula tomato?" anaseka Nyani.

Tsiku la mpira Njovu anatsekadi golo. Gwape anamenya mpira mpaka ziboda kuwawa, koma osagoletsa. Nthawi yopuma Nkhanga anamasula kansalu kaja, osewera ake n'kumakukuta mtedza.

Njovu anatembenukira kwa Nyani. "Bwana, wanga uli kuti?"

"Munadya kale m'dzinja, achimwene."

"Za m'dzinja zinathera m'dzinja momwemo."

Njovu anangonyamuka, ulendo kutchire kukathyola nthambi. Nyani anaima yekha pagolo, zigoli zisanu n'kumudutsa pakati pa miyendo.

Chaka chonsecho ankamwa matope otsala, Nkhanga akumufunsa m'mawa uliwonse kuti, "Bambo a kuphiri, madzi akukoma?"

Yanga yathera pomwepa, kaphuleni mbatata isanapserere.