Handibuleki pa Chitunda cha ku Malomo

Yoswa anali atauza apongozi ake kuti handibuleki anakonzetsa. Linali bodza. Mdima utangogwa, galimoto yakaleyo inazima pachitunda cha ku Malomo, ndipo ngakhale anakoka handibuleki, inayamba kubwerera m'mbuyo.

Apongoziwo anatsika okha n'kuika mwala kunsi kwa tayala.

"Inetu nditsogole wapansi, bambo," anatero mwaulemu, osamuyang'ana, n'kumapita.

Bola akanamutukwana. Yoswa anakwawira pansi pa galimoto ndi sipanala, foni ataluma kuti imuunikire, kuti akunge waya wa handibulekiyo. Ali chagada pamenepo, anaona mwala uja utagubudukira cha uko, tayala lili palokha. Komabe galimoto sinkasuntha.

Anachotsa foni kukamwa n'kuunika kumbuyo. Kunali mapazi awiri opanda nsapato, atakanirira m'fumbi ngati a munthu wokankha. Zala zazikulu zinali zomangidwa pamodzi ndi kansalu koyera, monga amamangira mtembo.

"Pepani achimwene, ndakuvutitsani," anatero Yoswa, poti ulemu wokha sunamuthere.

"Fulumirani," anayankha mawu otsika. "Manja angawa analeka kulimba."

Sipanala inamupulumuka. Mapazi aja anatsetsereka pang'ono, ndipo chitsulo chozizira cha kunsi kwa galimoto chinamukhudza pachifuwa.