Chaka Chachitatu cha Nyenyezi Yamchira

Ndaziona ankasenda nandolo pang'onopang'ono, mwana wake akusewera pafupi ndi mafuwa. Mwanayo anali ndi zaka zitatu, koma dzina analibe. Chibwerereni nyenyezi yamchira, yooneka ngakhale masana, lamulo linaletsa kutcha ana mayina. Openda zakumwamba ankati imatenga mwana aliyense amene yamva dzina lake, monga inachitira makedzana.

"Iwe! Choka pamotopo!" anakuwa Lufeyo, mwamuna wake.

Ana anayi a pabwalo anacheuka, koma wawo ayi. Anapsa chala.

"Chaka chamawa nyenyeziyi idzachoka, amake mwana," anatero Lufeyo motopa.

Ndaziona anaika lichero pansi, n'kuyamba kuuzira kachalako.

"Chaka chatha munateronso, bambo. Yamuotcha si nyenyezi." Anamupukuta misozi mwanayo, n'kumutcha dzina. "Tonthola, Tilipo."