Mtsikana wa Magweru

Noreen Haskett sankakhazikika pampando. Akhala, adzuka, ayang'ana wotchi, asuzumira pawindo pomwe chipale chofewa chinali chitayamba kugwa. A Lowell Tibbets okha ndiwo analibe changu. Anthu a mabuku akalewa, abale inu, nyumba itamayaka akhoza kuyamba apukuta kaye magalasi.

A Tibbets ankalemba buku lotchula mayina a anthu amene anajambula zithunzi m'mabuku owerenga a ana asukulu amakedzana. Makampani a nthawi imeneyo sankalemba dzina la wojambula. Ankangogula zithunzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Buku la a Tibbets linali kupita kosindikiza Lolemba, ndipo limeneli linali tsiku lomaliza kulandira anthu m'kachipinda ka kuseri kwa laibulale ya m'tauni ya Ferris Creek ku Ohio.

Noreen ankafuna chinthu chimodzi basi: dzina la bambo ake, a Virgil Haskett, lilowe m'bukumo.

A Virgil ankalemba zikwangwani za masitolo. Anatuluka pakhomo Noreen ali ndi zaka zinayi, osabwereranso, osatumiza ndi khadi la Khirisimasi lomwe. Koma Noreen ali giredi yachiwiri, aphunzitsi anagawa buku latsopano lowerenga, ndipo atatsegula anadzipeza yekha. Chikhoti chake chosowa batani, khonde la kwawo, galu wawo wa khutu limodzi logwa, ndi kamtsikana kakuseka, magweru ali poyera. Kuyambira tsiku limenelo anadziwa kuti bambo ake sanamuiwale. Tsopano imvi zinali zitamuyamba, koma mtima wake unali udakatsamira pa buku lomwelo.

Pafupi ndi chitseko, pa mpando wamatayala, panali mayi ake, a Opal. Anawatenga kunyumba yosungira okalamba chifukwa linali tsiku lake lowayendetsa, ndipo ankayenera kuwabweza chakudya chamadzulo chisanakwane. Anali atamuchedwetsa kale polowa, akulimbana ndi cholembera kudzanja lamanja kuti asayine m'buku la alendo, zilembo zake zokhotakhota ngati papalasa nkhuku. Moyo wawo wonse analemba choncho. Nkhani ya buku lowerenga lija ikayamba, iwo ankangoti zii, ndipo Noreen ankati n'kuwawidwa mtima kwa mkazi wosiyidwa.

A Tibbets anagoneka galasi lawo lokulitsa zinthu patsamba la buku lowerenga limene Noreen anabweretsa, n'kuwerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza pepala. Anati nkhope n'zosavuta kukopera, koma dzanja silinama. Chofunika n'kuyang'ana timizere ta mthunzi pansi pa galuyo ndi m'mapindo a chikhoti. Munthu wamanja amatipendeketsa mbali iyi, wamanzere mbali inayo, ndipo palibe amene amaganizira zimenezo pojambula.

"Uyu anali wamanzere," anatero. "Sindikukayika ngakhale pang'ono."

Noreen anadzuka mpaka mpando kugwa. Bambo ake anali amanzere! Tauni yonse inkadziwa, poti anthu ankaima mumsewu kuonerera akupenta zilembo pagalasi la shopu yometera.

"Noreen," anaitana a Opal chapansipansi.

"Amayi, chonde, tadikirani kaye. Mukufuna kuchimbudzi?"

A Opal anapukusa mutu, akusisita mkono wawo wamanzere monga mwa chizolowezi chawo, n'kupempha pensulo imene inali patebulo. Noreen anawaponyera pamiyendo pamodzi ndi kapepala kopukutira pakamwa kuti asamusokoneze, monga umachitira ndi mwana kutchalitchi.

A Tibbets anali atayamba kutenthedwa nayo nkhani. Anati amanzere a m'badwo umenewo anali osowa, chifukwa aphunzitsi ankawamanga dzanjalo kumpando ndi lamba mpaka aphunzire kulemba ndi lamanja. Noreen anayankha monyadira kuti bambo ake sukulu anaithawa msanga, lamba asanawapeze. Zonse zinkagwirizana: wamanzere, wodziwa burashi, wodziwa khonde ndi galu. Ukanafunanso umboni wanji? A Tibbets anavundukula cholembera chawo, n'kufunsa kalembedwe ka dzina la Virgil ndi chaka chimene anabadwa.

Noreen anatchula zilembo chimodzichimodzi. Misozi inali italengeza, ndipo sanachite nayo manyazi. Anali wokondwa kuposa tsiku la ukwati wake. Anayang'ananso wotchi, n'kuona kuti akathamanga msewu usanaterere akhoza kuwafikitsa mayi ake nthawi yabwino, kenaka n'kuimbira ana ake foni.

Anatembenuka kuti awaveke chipewa mayi ake, koma dzanja linaima m'malere. A Tibbets nawonso anali atasiya kulemba, dzina lili pakati.

Pa kapepala kaja panali galu wa khutu limodzi logwa, timizere ta mthunzi titapendekeka chimodzimodzi ngati m'bukumo. Pensulo inali kudzanja lamanzere la a Opal, ndipo dzanjalo linkayenda mwaluso papepalapo.

"Bambo ako anachoka mano ako onse ali m'kamwa, mwanawe," anatero a Opal osadzutsa mutu. "Magweru amenewo anawaona ndani?"