Sitandi ya Adokotala

Njinga yamoto ya adokotala a ziweto inali itabweranso m'galaja, ndipo mtima wa Girizi unkavina.

Girizi linali dzina lomunena, poti ovolosi yake inali isanakumanepo ndi sopo. Anali makaniko wodziwa ntchito, komanso batchala wokhwima amene abale anali atatopa kumufunsa za banja.

Njingayo inali ya m'tchire, ija yaitali, ya matayala a manomano, yoyendera m'matope ndi m'miyala popita kumakola a ng'ombe. Injini inalibe vuto. Vuto linali sitandi, kamwendo kachitsulo koimikira njinga. Sabata iliyonse inkabwera itapindika, njinga itapendekeka ngati chidakwa chotsamira khoma.

Poyamba Girizi anaganiza kuti sipuling'i yatha mphamvu. Anaisintha. Kenako anasintha bawuti. Ulendo wina anawotcherera kachitsulo kophwatalala kunsi kwa sitandiyo kuti isamatitimire m'dothi. Zonsezo sizinaphule kanthu. Inkabwerabe itapindika, malo omwewo, kumtunda pafupi ndi bawuti.

Kupindika kotereku Girizi ankakudziwa bwino. Ndi matenda a anthu aafupi. Munthu wamfupi akakhala pa njinga yotere mapazi safika pansi, ndiye amaikwera ili chiimire pa sitandi, n'kudumphira kiki ndi thupi lonse kuti ilire. Sitandi siinapangidwe kuti izinyamula munthu. Koma adokotala anali mayi wamtali, woti akakhala pampando wa njingayo zidendene zonse zinkaponda pansi bwinobwino.

Nanga sitandi inkapindika bwanji?

Yankho linamufikira ali chigonere pansi pa njingayo, ndipo anadzuka mwachangu mpaka kudzigunda chipumi pachopondera. Sanamve n'kuwawa komwe. Adokotala ankaipinda dala! Mayi wamasiye, wooneka bwino, wolambalala magalaja ena onse n'kumabwera kuno. Ankadzafuna chiyani, ngati si mwamuna wa manja olimba?

Umboni unali mbwee. Makasitomala ena ankasiya njinga n'kumapita. Adokotala ayi. Ankakhala pa mpando wakale wa basi umene unali pakhomo, pambali pa bambo ake a Girizi, n'kumaseka mpaka misozi. Madalawo ndiwo anayambitsa galajayo, ndipo chimwalirireni akazi awo ankangoswera pampandopo, timiyendo tikulendewera m'malere. Girizi anaiona nzeru yake ndipo anaigomera. Mkazi wochenjera amayamba wakopa apongozi.

Basi, munthu uja anasinthiratu. Anagula sopo. Anameta ndevu. Anachapa ovolosi n'kuzindikira kuti kani inali yabuluu. Ankamanga mabawuti akuimba, ankapatsa moni ngakhale agalu odutsa, ndipo makasitomala ankanong'onezana kuti mwina wayamba kudwala mutu. Nawonso madala anayamba kubwera atavala jekete, akununkhira mafuta. Girizi anawathokoza mumtima poyesetsa kusamuchititsa manyazi pamaso pa mpongozi wawo. Anawaguliranso mankhwala opaka, chifukwa masiku amenewo ankatsimphina mwendo wamanja.

Chinkamusowetsa mtendere n'chimodzi. Mayi sangapinde chitsulo mpaka kalekale. Akatopa adzapita kugalaja ina, ndipo Girizi adzakalamba yekha ndi masipanala ake. Lero ndiye linali tsiku loti alankhule.

Anatenthetsa sitandi mpaka kufiira, anailowetsa m'paipi, n'kuiwongola mosamala ngati akuwongola mkono wa mwana. Anaimangirira. Njinga inaima njo. Anapukuta manja, anapukutanso, kenako anakodola adokotala kuti abwere pambali. Mawu amene anawakonza sabata yonse anali atathawa, ndiye anangoyambira pa zomwe ankadziwa.

"Adokotala, ine ntchitoyi ndakuliramo. Chitsulo sichindinamiza. Ndikudziwa chimene chikupinda sitandi yanuyi."

Adokotala anagwira pakamwa, maso pansi ngati kamtsikana.

"Mwadziwa?"

"Kalekale."

"Ndiye simunakhumudwe?"

"Kukhumudwa? Ine chimwemwe chake mpaka chakudya sichikulowa! Ndimangodikira tsiku loti tikambirane."

"Ambuye alemekezeke," anatero adokotala, akupumira m'mwamba. "Timasowa poyambira." Anamugwira dzanja ndi manja onse awiri. M'mutu mwake, Girizi anali atayamba kale kusankha mtundu wa suti. Adokotala anacheukira kumpando wa basi uja.

"Achikulire, bwerani! Akuti akudziwa kale, ndipo akondwa!"

Madala anatsika pampando kuti jidi, kutsimphina konse kutaiwalika. Anakwera njinga ngati makwerero, ili chiimire pa sitandi, n'kudumphira kiki ndi thupi lonse. Injini inabangula, sitandi inalira kuti kwee, n'kupindika malo omwe aja.

"Uwongolenso, mwana wanga," anakuwa madala, mano onse pamtunda. "Koma uyambe wapereka moni kwa amayi ako atsopano."