Turris ya a Pearson

Dokotala Edwadi, katswiri wa mbiri yakale wochokera ku Zomba, anagwada m'munda n'kukanda njerwa ndi chala. Chalacho chinada bii.

"Mwaye uwu," anatero. "Nsanjayi idatenthedwa ndi adani."

A Pearson Muhiwa, eni mundawo, anavomera ndi mutu. Manja awo, amene anali ndi matuza, anawabisa kumbuyo.

Munali mu Okutobala 1996. Nyanja ya Chilwa, imene idauma chaka chathacho, inali itabwerera, matemba n'kubwerera nayo. Amalonda ankafuna msewu wa malole wofika kudooko, ndipo zikhomo za oyeza malo zinadutsa pakati penipeni pa munda wa mpunga wa a Pearson. Munda wina analibe.

A Pearson adalowa seminale mu 1958 n'kutuluka mu 1961, opanda mkanjo koma ndi Chilatini. Mu Ogasiti wa 1996 yemweyo adapita kuboma kukanena kuti m'munda mwawo muli bwinja. Akadati "mulu wa njerwa", kalaliki akadayasamula. Iwo adati *turris*, kalaliki n'kuwapatsa mpando.

"M'mabuku a mbiri, *turris* si nsanja wamba ayi," a Pearson anafotokozera Dokotala tsopano. "Ndi poima alonda, kuyang'ana nkhondo. Ansembe oyamba adalemba okha: *turris prope lacum*, nsanja ya pafupi ndi nyanja."

"Bukulo lili kuti, achikulire?"

"Chiswe, a Dokotala. Chidadya mu 1974."

Dokotala anausa moyo. Mabuku odyedwa ndi chiswe ankawakhulupirira kwambiri, chifukwa palibe amene angawatsutse.

Nsanjayo inali yozungulira, yolekeza m'chifuwa, yogumuka mbali imodzi. Dokotala anaiyeza, anaijambula, kenako anasolola kaminga ka nsomba kamene kadamatirira panjerwa.

"Alondawo ankadya matemba," anatero mokondwa. "Izi sizidalembedwepo ndi munthu."

Masana anapita kunyumba kwa a Pearson. Mayi Emma, akazi a a Pearson, ankaphika pamtetete, pansi pa mtengo wa mango, mphepo ikuwathira phulusa m'maso. Anapereka thobwa atagwada, koma osamwetulira. Dokotala anamva chisoni: munthu wodziwa Chilatini chotere, pakhomo pake popanda ngakhale khitchini!

Atamwa anaimirira n'kugamula. Nsanjayo idamangidwa pakati pa 1901 ndi 1905. Inali chuma cha dziko. Msewu ukhota, udzera kudambo. Ndipo kuyambira tsiku limenelo, wogwira njerwa ngakhale imodzi aonana ndi apolisi.

"Mawu amodzi a Chilatini apulumutsa mbiri ya dziko lino," anatero akukwera galimoto. "Dzina lanu lidzakhala m'munsi mwa tsamba, m'buku langa."

A Pearson anawomba m'manja mwaulemu, matuza akuwawa. Anaima pamenepo mpaka fumbi la galimoto litatha. Chakunyanja mitambo inali itayamba kuda.

Mayi Emma anaiona mitamboyo, n'kuyang'ana mphika wawo.

"Bambo a Leah, munda wapulumuka. Ndiye njerwa za khitchini yanga mukazitenga liti? Mudati n'zobwereka."

A Pearson anakhosomola.

"Simunamve, mayi? Wogwira imodzi yokha, apolisi."